Kacule ka M'bango ka ku Kacholola
Mau Okambidwa pa Msonkhano wa Aphunzitsi

Mvula ikayamba, madambo a dziko lino amadzala ndi kulira kwa ticule tating'ono tokhala pa bango ndi pa udzu. Ana a sukulu amatica tonse dzina limodzi, ndilo cule; koma anthu ophunzira za zamoyo anatipatula monga mwa mafuko ao. Fuko limodzi lalikulu, lopezeka mu Africa mokha, licedwa Hyperolius, dzina limene Rapp analipatsa m'caka ca 1842, ndipo m'fukomo muli mitundu yoposa 100. Zizindikiro zace ndi izi: thupi laling'ono losalala, zala zokhala ndi timbale tomata pa tsamba, ndi mwana wa diso wopingasa.

Mwa mitundu imeneyi ulipo umodzi umene uyenera kudziwika m'masukulu a kum'mawa kwa Zambia, pakuti unatenga dzina la malo a komweko. M'caka ca 1975 Arne Schiøtz wa ku Denmark analongosola kacule kopezeka pa Kacholola, m'dera la Nyimba, pa mseu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, nakaca Hyperolius kachalolae. Pambuyo pace ophunzira ena anati kaculeko ndi kamodzimodzi ndi Hyperolius bocagei wa ku Angola, amene Steindachner anamuca dzina m'caka ca 1867. Koma atapendanso bwino anatilekanitsa, ndipo lero kali ndi dzina lace-lace.

Kwao kwa kacule aka kuyambira kumpoto ca kumadzulo kwa Zambia kufikira pakati pa Malawi. Popeza madambo sadziwa malire a maiko, ophunzira aganiza kuti kaliponso kumwera kwa Congo ndi kum'mawa kwa Angola.

Tsono phunziro la mphunzitsi ndi ili: dzina loona limadza ndi kupenyetsetsa. Mtundu wa khungu umanyenga, pakuti m'fuko limeneli ticule ta mai mmodzi tikhoza kusiyana maanga. Koma kulira kwa tamphongo kumasiyana mtundu ndi mtundu. Cifukwa cace mphunzitsi atenge ana ace kunka kudambo madzulo, amvere pamodzi, alembe tsiku ndi malo, ndipo kacule akagwira akabwezere pa bango pomwepo. Mwana wozolowera kusiyanitsa mau a ticule sadzafulumira kutiponya miyala, kapena kutentha dambo popanda cifukwa.