Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Maphunziro a Kaponyedwe ka Frisbee



Masewera a ultimate frisbee anawayambitsa ndi ana a sukulu ya Columbia High School ku Maplewood, m'chigawo cha New Jersey ku America, mu 1968. Anali amsinkhu wanu womwewu, inu anyamata ndi atsikana, ndipo zimene anayamba pocheza zinakula mpaka komiti ya Olimpiki inavomereza bungwe la masewerawa, WFDF, mu 2015.

Ine ndadzera nkhani imodzi: kuponya patali, kumene osewera mumati huck. Bwalo ndi lotalika mamita 100, ndipo pakati pa zigawo ziwiri zogoletsera pali mamita 64. Timu ikasowa woponya patali, adani amangoithinitsa pafupi chifukwa kumbuyo kwawo alibe choopa.

Chimbale cha frisbee chimalemera magalamu 175 okha, ndiye musalimbane nacho. Ambiri mukafuna mtunda mumaumitsa mkono ndi kukukuta mano, chimbale n'kunyamuka chikunjenjemera, kupendekeka, n'kugwera pafupi. Chimene chimachisunga m'malere ndi kuzungulira. Taonani woyendetsa ngolo akamaliza chikwapu: mphamvu imayambira m'thupi, koma kulira kumamvekera kunsonga. Inunso phazi lotsamira likhazikike, mwendo winawo utambasuke, chiuno chitembenuke, phewa litsatire, mkono ubwere momasuka, ndipo dzanja lithyoke pamfundo pomaliza penipeni. Aphunzitsi, apa musathamangepo. Mwana ayambe pa mamita ochepa mpaka chimbale chiziuluka mosagwedera, mtunda muziwonjezera pang'onopang'ono, pa maponyedwe a backhand ndi a forehand omwe.

Mphepo ikamakuombani kumaso, chimbale chisadzutse mutu. Chiponyeni motsika, mbali yake yakunja itaweramira pansi pang'ono, apo ayi mphepo ichinyamula n'kukubwezerani.

Komanso musaponyere pamene mnzanu waima. Ponyani kumene akuthamangira, akachipeze kutsogolo. Muli ndi masekondi 10 chimbale chili m'manja, nthawi yokwanira kudzutsa maso ndi kuona ngati njira ilipodi. Ngati palibe, patsirani wapafupi.

Makolo, apatseni anawa mpata madzulo aziyeserera awiriawiri, chifukwa dzanja limazolowera ndi kubwereza. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsegulidwa.