Chifukwa Chake Malungo Amasankha Ana

Ku Benga, m'boma la Nkhotakota, mvula ikagwa madambo a mpunga amadzaza madzi ndipo udzudzu umaswana kwambiri. Udzudzuwo umaluma aliyense. Koma msodzi wachikulire amangomva kuphwanya m'thupi nabwerera kunyanja, pamene mwana wake wa zaka ziŵiri, wogona m'nyumba yomweyo, amakomoka kapena kutha magazi. Kodi kusiyana kumeneku kumachokera kuti?

Yankho lili m'magazi. Tizilombo ta malungo tikaloŵa mwa munthu, thupi limapanga asilikali amene madokotala amawatcha ma antibody. Asilikaliŵa amakakamira tizilomboto natiletsa kuchulukana. M'chaka cha 1961, ku Gambia, akatswiri Cohen ndi McGregor anatenga asilikali otere m'magazi a akuluakulu nawapereka kwa ana odwala malungo. Tizilombo tinachepa ndipo anawo anapeza bwino.

Tsono chitetezo chimenechi sichibwera tsiku limodzi. Khanda limabadwa ndi asilikali amene linalandira kwa amake likali m'mimba, koma iwo amatha pakapita miyezi yochepa. Kuyambira pamenepo mwana ayenera kudzipangira ake, ndipo pakuti tizilomboti timasinthasintha maonekedwe, thupi limatizindikira pokhapokha litadwala kambirimbiri. Mphamvu ya msodzi uja inagulidwa ndi matenda a paubwana, ndipo anzake ena anatsala panjira.

Chitetezocho sichikhalanso mpaka kalekale. Munthu wa ku Benga amene wakhalitsa ku Joni, kumene salumidwa ndi udzudzu wa malungo, angathe kudwala koopsa akabwera kumudzi. Mayi wa pathupi poyamba alinso pangozi, chifukwa tizilombo timabisala m'chiberekero, mmene asilikali ake sanatizoloŵere. Nchifukwa chake kusikelo amamwetsa Fansidar.

M'chaka cha 2019 dziko la Malaŵi linakhala loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kudzera m'sikelo za ana, kenaka Ghana ndi Kenya anatsatira. Katemerayu amaphunzitsa thupi kupanga asilikali mwana asanadwale, ngakhale sateteza kotheratu.

Kotero, omvera, kholo lisayese thupi la mwana ndi thupi lake. Mwana agone m'masikito usiku uliwonse, amalize katemera wake, ndipo akatentha thupi apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche kaŵiri.