Nkhani Yobisala M'manambala

Lero ndifuna tikambirane za luso lina limene atolankhani ambiri timachita nalo mantha, ndilo luso lowerenga manambala, kuwasanthula, ndi kuwaika pa chithunzi kuti munthu aliyense aone tanthauzo lake. Wina anganene kuti nkhaniyi njokhudza olemba nyuzipepala okha. Ai ndithu, njanunso omvera, pakuti nambala imene ife taimva molakwa, inu ndi amene mumaisenza kunka nayo kumudzi.

Ndiyambe ndi kudziulula. Ndisanalowe ntchito ya pa wailesi ndinaphunzira zauphunzitsi, ndipo ku koleji anatiphunzitsa kuti mwana samva samu ndi khutu lokha: mumpatse timiyala kapena zitsekerero za mabotolo kuti agwire ndi kuona. Koma nditayamba kukonza mapologalamu ndinaiwala phunziro lomweli. Tsiku lina ndinalandira pepala la chiwerengero cha odwala m'maboma angapo, ndipo ndinaulutsa kuti boma limene linali ndi nambala yaikulu ndilo limene nthenda yakula koposa. Patapita masiku, mphunzitsi wina wopuma pa ntchito anandilembera kalata yaulemu, nandifunsa funso limodzi lokha: kodi m'bomalo mumakhala anthu angati? Ndinachita manyazi. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo phula ndinalidya ine.

Luso limeneli si lachilendo ai. M'chaka cha 1854 nthenda ya kolera inabuka m'dera la Soho mu mzinda wa London, nipha anthu oposa 500 m'masiku khumi okha. Akuluakulu ambiri a masiku amenewo ankakhulupirira kuti nthendayi imadza ndi mpweya wonunkha. Dokotala wina, John Snow, anatenga mndandanda wa omwalira, nayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene banja lililonse linkatunga madzi. Anapeza kuti maliro ambiri anachitika m'nyumba zoyandikana ndi mjigo wa mu msewu wa Broad Street. Sanalekere pomwepo: anafufuzanso za amene anapulumuka. Pa nyumba ina yosungira amphawi pafupi pomwepo pankakhala anthu 535, koma anamwalira ndi 5 okha, chifukwa anali ndi chitsime chaochao. Ndipo mai wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, anamwalira ndi kolera chifukwa ankaitanitsa madzi a pa mjigo womwewo, poti ankakonda kakomedwe kake.

Pa 8 September chaka chomwecho akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mjigowo. Kunena zoona, nthendayo inali itayamba kale kuchepa, pakuti anthu ambiri anali atathawa. Koma chimene chinatsalira mibadwo ndi mapu amene Snow anajambula pambuyo pake, m'mene imfa iliyonse anaiika ngati kamzere kakuda pa khomo pamene inachitikira. Munthu akayang'ana mapuwo amaona timizereto titaunjikana mozungulira mjigo ngati nyerere pa chigwinjiri cha shuga, ndipo safunanso wina womfotokozera.

Patangopita zaka zinai, mu 1858, Florence Nightingale anachita chofanana nacho. Iye anasamalira asilikali a Britain pa nkhondo ya ku Crimea, ndipo atabwerera kwao anajambula chithunzi chozungulira, nachigawa m'miyezi khumi ndi iwiri. Imfa za mabala anazipatsa mtundu wofiira, ndipo imfa za nthenda zopeweka anazipatsa mtundu wobiriwira ngati thambo. Mtundu wachiwiriwu unadzaza chithunzi. Nduna ndi akuluakulu a nkhondo, amene sakanapirira kuwerenga masamba ambiri a manambala, anaona ndi maso ao kuti uve wa m'zipatala ndi m'misasa unapha asilikali ambiri koposa zipolopolo.

Atolankhani enieni nawo sanatsalire. Mu 1967, chipolowe chitachitika mu mzinda wa Detroit ku America, anthu ambiri ankati ochita chipolowewo anali osaphunzira. Mtolankhani wina, Philip Meyer, mothandizana ndi akatswiri anafunsa anthu a m'deralo mwa dongosolo, nawerengetsa mayankho pa kompyuta. Anapeza kuti amene anafika ku koleji analowa m'chipolowecho mofanana ndi amene anasiyira sukulu panjira. Chimene aliyense ankati akuchidziwa chinapezeka kuti chinali mphekesera chabe.

Nanga munthu wofuna kuphunzira lusoli ayambire pati? Ndikuona kuti pali masitepe atatu.

Loyamba ndi kufunsa kumene nambala yachokera. Anawerenga ndani? Anawerenga liti, ndipo anawerenga chiyani? Chiwerengero cha odwala amene anafika ku chipatala sichifanana ndi chiwerengero cha odwala onse, pakuti ena amadwalira kumudzi osalembedwa ndi munthu. Nambala yopanda mwini ndi chaka ili ngati kalata yopanda dzina: mungaiwerenge, koma musaikhulupirire msanga.

Lachiwiri ndi kuyerekeza, ndipo apa ndi pamene ine ndinagwera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti ku Likoma kunali anthu osakwana 15,000, pamene mu mzinda wa Lilongwe munali anthu pafupifupi 1 miliyoni. Tsono tingoyerekeza kuti ku Likoma kwadwala anthu 100, ndipo mu mzinda wa Lilongwe mwadwala anthu 500. Wothamanga adzalengeza kuti zinthu zaipa koposa ku Lilongwe. Koma tagawani: ku Likoma ndiye kuti wadwala munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 150 alionse, pamene ku Lilongwe ndi mmodzi pa anthu pafupifupi 2,000. Moto waukulu uli pa chilumba, ndipo wailesi ikaloza kwina, mankhwala nawo angathe kulowera kwina. Chenjeraninso ndi chimene a samu amachitcha avereji. M'mudzi wa mabanja khumi, banja limodzi likakolola matumba 100 ndipo mabanja asanu ndi anai nakolola thumba limodzi lililonse, avereji idzati banja lililonse lili ndi matumba pafupifupi 11. Pa pepala mudziwo ngwokhuta, koma nkhokwe zisanu ndi zinai zili gwaa.

Lachitatu ndi kujambula moona. Chithunzi chili ndi mphamvu chifukwa diso limakhulupirira msanga, ndipo pa chifukwa chomwecho chingathe kunama koposa pakamwa. Ngati mudzi unakolola matumba 100 chaka chatha ndi matumba 105 chaka chino, wojambula wachinyengo angadule tsinde la mizati yake, nayambira pa 95, kotero kuti mzati wa chaka chino uoneke wautali kawiri. Nambala zonse nzoona, koma chithunzi chanama. Mzati uyambire pansi penipeni, mutu wa chithunzi unene chimene chikusonyezedwa, ndipo kunsi kwake kulembedwe kumene nambalazo zachokera.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga inu a wailesi, amene mulibe tsamba lojambulapo, mutani? Ife chithunzi chathu timachijambula m'khutu. Ndikanena kuti kalembera wa 1966 anapeza anthu oposa pang'ono 4 miliyoni m'Malawi, ndipo wa 2018 anapeza anthu 17,563,749, ambiri mudzakhala mutaiwala ndisanatsirize. Koma ndikati pa munda pamene pankadalira munthu mmodzi mu 1966 pankadalira anthu anai mu 2018, agogo amene akhala pa khonde aona kale chithunzicho, ndipo amva chifukwa chake milandu ya malo yachuluka kwa nyakwawa.

Zipangizo zophunzirira sizisowa. Ofesi ya boma yoona za chiwerengero, imene likulu lake lili ku Zomba, imasindikiza zotsatira za kalembera ndi kafukufuku wina, ndipo zambiri zimapezeka pa intaneti. Chiyambire mwezi wa September 2020, lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira uthenga kuchokera ku maofesi a boma likugwira ntchito. Amene ali ndi kompyuta aphunzire kuika manambala m'mizere ndi kuwasanja. Amene alibe asataye mtima: kope ndi pensulo nzokwanira. Pitani pa msika wa kwanu tsiku limodzi sabata iliyonse, lembani mtengo wa ndowa ya chimanga, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi mulumikize timadontho tanu ndi mzere. Mudzakhala mutalemba nkhani imene palibe wina anailemba. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Omvera anzanga, kolera amene anavutitsa London mu 1854 ndi yemweyo amene anatilanda abale oposa 1,700 kuno kwathu m'zaka za 2022 ndi 2023. Nthenda yotere ikabwera, funso limakhala lomwe lija: odwala akuchokera kuti, ndipo akumwa madzi a pati? Mtolankhani wodziwa kufunsa, kugawa ndi kujambula angathandize mudzi kupeza chitsime choipa maliro asanachuluke. Tsono mawa mukamva nambala pa wailesi ino, ngakhale itachokera pakamwa panga, chitani monga anachitira mphunzitsi uja: funsani kuti, pa anthu angati?