Zimene magazi amanena chimfine chikakula

Amene muli kumbuyoko sunthirani kuno kumthunzi, ndisachite kukuwa.

Sabata yatha gogo wina anandifunsa kuti, “Mwana wanga, ine ndapita ndi chifuwa, nanga magazi anga akuwafuniranji?” Ambiri mumadzifunsa zomwezo, ena mpaka mumathawa pamzere. Lero ndiyankhe pagulu.

Mukudziwa mmene moto umayambira ku Dzalanyama. Anyamata amayatsa kuti agwire mbewa, mphepo n'kuwomba, phiri lonse n'kusanduka lupsa. Thupi limachitanso chimodzimodzi. Kachilombo ka chimfine kapena ka korona kakalowa m'mapapo, asilikali a m'thupi amayatsa moto kuti akaphe. Kwa ambiri motowo umazima pakatha masiku ochepa. Koma kwa ena, makamaka okalamba, a shuga, a BP ndi amene chitetezo chawo n'chotsika, umapitirira mpaka kuwononga mapapo enieniwo. Munthu wotere amavutika ndi moto wa thupi lake lomwe kuposa kachilomboko.

Moto umenewu uli ndi utsi wake. Chiwindi chimatulutsa chinthu chotchedwa CRP n'kuchithira m'magazi. Munthu wabwinobwino amakhala nacho chochepa, osafika 10. Kutupa kukayamba chimakwera m'maola ochepa, ndipo pakatha masiku awiri chimafika pachimake. Mwa odwala korona amene ankabanika, nthawi zambiri chinkadutsa 100. Adokotala amawerenganso asilikali aja: gulu lina likachuluka, lina lotchedwa ma lymphocyte n'kutsika kwambiri, amadziwa kuti wodwalayu sabwerera kunyumba lero, ngakhale akuyenda yekha.

Koma utsi sutchula amene wayatsa. Malungo amakwezanso CRP, TB imakweza, chilonda cha mafinya chimakweza. N'chifukwa chake amakubayani chala kuyeza malungo, n'kumvetseranso pachifuwa. Si chipatala chilichonse chili ndi makina oyezera zonsezi. Akakupatsani kalata ku Mitundu kapena ku Nathenje yoti mupite ku chipatala cha Central, musaipinde n'kuisunga m'Baibulo podikira kuti mugulitse fodya.

Tonse tikukumbukira Januwale wa 2021. Pa 12 mwezi umenewo tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi chifukwa cha korona, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, phungu wathu wa Msinja South. Bwalo la mpira la Bingu linasanduka chipatala. Nthawi imeneyo madokotala anali atadziwa kale, kuchokera ku kafukufuku wa ku Britain wa mu 2020, kuti dexamethasone, mankhwala ozimitsa kutupa, amapulumutsa odwala korona amene afika posowa okosijeni, koma sathandiza amene akudwala pang'ono. Ndiye musamagule nokha. Ngakhale Bactrim ndi amoxicillin wa pagolosale uja sapha kachilombo ka chimfine. Zimandiwawa ndikapeza mwana wamwetsedwa makapisozi masiku asanu, makolo akuti tikuona kaye, mwana akubanika.

Kunyumba mulibe labotale, koma maso muli nawo. Mwana akhale phee, muvuleni malaya, muwerenge kupuma kwake mphindi imodzi yathunthu. Foni ili ndi wotchi. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika 40, chingakhale chibayo, bwerani naye tsiku lomwelo. M'munsi mwa nthiti mukamalowa mkati popuma, akamakana kuyamwa, akamangogona osadzutsika, musadikire kuti kuche, dzutsani wakabaza. Wamkulu amene akulephera kumaliza mawu osapumira, kapena wayamba kusokonezeka mutu, n'chimodzimodzi. Kuchipatala amupana kachipangizo pachala. Kakaonetsa pansi pa 90, ameneyo akufunika okosijeni. Ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, wodwala chifuwa musamugoneke m'nyumba yotseka momwe muli mbaula.

Mayi mwakhala patsogolopa, tabwerani ndi khandalo. Nonse yang'anani pamimba pake, ine ndigwira nthawi, inu muziwerenga mokweza.