Musanatumize Linki, Yambani Mwaitsegula

Mau amene anayankhula Mlembi wa Bungwe lathu pa msonkhano wapachaka



Komiti inandipempha kuti ndinenepo mau pang'ono pa za gulu lathu la pa WhatsApp. Ndinavomera msanga chifukwa ndili ndi mlandu woti ndiulule, ndipo ndi bwino kuti muumve kwa mwini wake.

Chaka chatha ndinalandira uthenga wonena kuti bungwe lina la kunja likulipirira fizi ana ovutika a ku sekondale ndi ku koleji. Pansi pake panali linki, timau tabuluu tija timene munthu ukatikhudza ndi chala timakutengera ku tsamba lina la pa intaneti. Ine sindinaitsegule. Ndinangoitumiza ku gulu lathu, mumtima ndikuti ndathandiza. Patapita masabata awiri, mnzathu wina amene tinkagona naye hositelo imodzi anandiimbira foni. Mwana wake anatsegula linki ija, nalembamo dzina ndi nambala ya chiphaso chake, ndipo anauzidwa kuti atumize ndalama ya kalembera kudzera pafoni. Banjalo linagulitsa mbuzi ziwiri nkutumiza ndalamayo. Mpaka lero kuli zii. Mnzangayo anandiuza kuti ikanachokera kwa munthu wina akanakayika, koma anakhulupirira poona kuti yachokera kwa ine. Mau amenewa sanandichokebe m'mutu.

Sindikunena kuti linki ndi chinthu choipa ai. Pamene Tim Berners-Lee anapereka ganizo lake mu 1989 ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva, cholinga chake chinali chakuti akatswiri a sayansi azilumikiza zolemba zao, kuti wowerenga china azipeza chinzake mosavuta. Mu 1993 a CERN analola kuti aliyense agwiritse ntchito lusoli kwaulere. Nzofanana ndi zimene aphunzitsi athu ankachita potiuza kuti tikaone buku lakuti, tsamba lakuti, ku laibulale. Kutumiza linki ndiko kulozera mnzako njira, ndipo wolozera njira ayenera kukhala woti anaiyendapo.

Eni ake a WhatsApp anaona okha kuopsa kwake. Mu 2018 ku India anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya chifukwa cha mphekesera zakuti kukuyenda akuba ana. Mu Januwale 2019 kampaniyi inalamula kuti padziko lonse uthenga usatumizidwe kwa anthu kapena magulu oposa 5 nthawi imodzi. Mu Epulo 2020 inaonjeza kuti uthenga umene wadutsa kale m'manja ambiri, uja wa timivi tiwiri pamwamba, uzitumizidwa kumalo amodzi okha nthawi imodzi. Kwathu kuno Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2016 lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act lokhudza milandu ya pa intaneti. Koma lamulo silingagwire chala changa kapena chanu.

Choncho ndikupempha zinthu zinai. Choyamba, musatumize linki imene simunaitsegule ndi kuiwerenga mpaka kumapeto. Chachiwiri, yang'anani dzina la tsambalo: masamba a boma lathu amathera ndi gov.mw, ndipo a mayunivesite monga UNIMA ndi Mzuni amathera ndi ac.mw. Chachitatu, lembani mau anuanu pamwamba pa linkiyo, kunena kumene mwaitenga ndi chifukwa chake mukufuna kuti tiione. Chachinai, ikakhala yofuna ndalama kapena nambala yanu yachinsinsi ya pafoni, isiyeni, ndipo muchenjeze anzanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Gulu lathuli latithandiza kwambiri. Kudzera mmenemo ana athu ena apeza ntchito, tamva za maliro a anzathu nthawi ikadalipo, ndiponso tasonkha ndalama zogulira madesiki a sukulu yathu ino. Zonsezi zatheka chifukwa timakhulupirirana, ndipo kukhulupirirana kumeneku ndi kumene ine ndinasewera nako.

Mnzanga uja ali nafe pano, ngakhale sindimtchula dzina. Mbuzi imodzi ndabweza kale, inayo ndibweza ndikakolola.