MADZI SAIWALA KHWAWA



Mu Mthenga Wabwino wa lero, Mateyo 7:24-27, Ambuye atisimbira za anthu awiri omanga nyumba, wina pathanthwe, wina pamchenga. Mvula imene inagwa pa nyumba ziwirizo inali imodzimodzi. Kusiyana kunali pa malo amene aliyense anasankha. Phunziro lalikulu tikulidziwa: kumva mau a Mulungu popanda kuwachita n'kumanga pamchenga. Koma fanizoli likutikumbutsanso kuti nthaka ndi madzi zili ndi malamulo amene Mlengi anaziikira, ndipo mkristu ayenera kuwaphunzira.

Tiyeni tsono tione m'mene mtsinje umagwirira ntchito. Akatswiri ophunzira za maonekedwe a dziko amati ntchito zake n'zitatu: umakumba, umanyamula, ndipo umatula. Pamene ukuthamanga umakumba ndi kusenza miyala ndi mchenga. Liwiro likachepa umatula katundu wake, kuyambira wolemera kufikira matope. Nsangalabwi zosalala zija zinali miyala yakuthwa imene inaperesana paulendo. Pamene mtsinje wakhota, madzi amathamanga kunja kwa khotolo nadya gombe, koma mkati mwake amayenda pang'onopang'ono nasiya mchenga. Chifukwa chake mtsinje sukhala malo amodzi. Umasuntha, ndipo munda wa tsidya lino ukamachepa wa tsidya lija ukukula. Malo athyathyathya a m'mbali mwake, amene m'chilimwe amaoneka okoma kumangapo, anawasalaza ndi mtsinje womwewo pa kusefukira kwa zaka zambirimbiri. Malowo ndi khonde lake, ndipo tsiku lina udzabwerako. Makolo athu anaziona zimenezi nati madzi saiwala khwawa.

Mtsinje wa Lilongwe umayambira ku mapiri a Dzalanyama, nudzera m'madamu a Kamuzu ku Malingunde kumene kumachokera madzi athu akumwa, nulandira Lingadzi mumzinda muno, kenaka nukalowa mu Linthipe m'boma la Salima, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ya Malawi. Kumeneko mafunde amalandira zimene mitsinje yabweretsa: matope amamira pakuya, mchenga nuyalidwa pagombe, ndipo mphepo ya mwera ikamaomba mafunde amaukankha m'mphepete mwa nyanja. Motero dothi lokokoloka kwa Chinsapo likhoza kukathera kwa msodzi wa ku Salima. Mchenga tisaupeputse: pakati pa 1915 ndi 1935, nyanja itaphwera, mchenga ndi zomera zinatseka pamene Shire amatulukira, ndipo kwa zaka zambiri madzi a m'nyanja sanatsikire kumeneko. Mu 2024 nyanja yomweyo inadzaza nilowa m'nyumba za pagombe ku Mangochi ndi ku Salima.

Zonsezi mtsinje umachita mwa chilengedwe chake, ndipo kale unkazichita modekha. Chimene chasintha ndi ife. Kuchokera mu 1975, pamene likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera kuno, madambo amene ankamwa mvula ndi kuitulutsa pang'onopang'ono tawakuta ndi malata ndi simenti. Mitengo ya ku Dzalanyama yambiri yathera m'makala. M'mbali mwa mitsinje tikuumba njerwa, ndipo m'kati mwake tikukumba mchenga wogulitsa. Mtsinje ukalandidwa mchenga umakumba pansi pake ndi m'magombe kuti ubweze zimene wataya; gombe limagumuka, maziko a mlatho natsala pamtunda. Ngalande tazitseka ndi mapepala a pulasitiki. Madzi amene akanafika kumtsinje m'masiku angapo tsopano amafika m'maora owerengeka. Tikukumbukira February 2017, pamene Lingadzi anasefukira kwa Mtandire, ndi December wa chaka chomwecho, pamene madzi anagwetsa nyumba ndi kutenga miyoyo kwa Kaliyeka, ku Chipasula ndi malo ozungulira.

Abale athu, zotere zikagwa tisafulumire kunena kuti Mulungu walanga anthuwo, kapena kuti wadutsa napolo, kapena kuti wina walodza. Ndiponso tisatonze wosauka amene anamanga m'khwawa. Ambiri anapita kumeneko chifukwa lendi ya kumtunda sakanaikwanitsa, ndipo mnyamata amene amakumba mchenga tsiku lonse akufuna ufa wa ana ake. Funso likhale kwa ife tonse. Kodi anagulitsa poloti m'dambo ndani, akudziwa pamene madzi amafika? Amalandira lendi ya nyumba ya pagombe ndani, iye akugona kumtunda? Nanga mchenga umene tinamangira nyumba zathu, ngakhale matchalitchi athu, tinafunsa kumene unachokera? Mtsinje umatiphunzitsa kuti mnzathu amene tiyenera kumkonda ndi iyenso amene akukhala kunsi kwathu, amene amalandira chilichonse chimene tataya. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anaphunzitsa kuti kuonongeka kwa dziko kumapweteka osauka poyamba, ndi kuti kusamala chilengedwe ndi mbali ya chikristu chathu.

Nanga tichite chiyani? Inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, mvula isanayambe yendani ndi akristu anu m'mbali mwa mtsinje wa kwanuko, kaya ndi Lilongwe, Lingadzi, Nankhaka kapena kakhwawa kopanda dzina. Funsani achikulire pamene madzi anafika chaka cha chigumula, muikepo chizindikiro. Onani pamene gombe layamba ming'alu. Dziwani nyumba zimene muli nkhalamba, odwala ndi ana amasiye, ndipo mugwirizane kale kuti madzi akadza usiku adzawanyamula ndani, adzagona kwa yani. Kumbani ngalande pamodzi. Bzalani nsungwi, bango ndi udzu wa vetiva, pakuti mizu yake imagwira dothi. Inu makolo, tengani ana anu kumtsinje, muwaonetse pamene madzi akudya ndi pamene akutula. Mwana amene waona zimenezi sadzanyengeka ndi poloti yotchipa. Ndipo amene muli ndi udindo wogawa malo, kumbukirani kuti mudzayankha pamaso pa Mulungu.

Zimenezi tazimva kawirikawiri; chatsala n'kuzichita, pakuti mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Wakumva osachita ndiye anamanga pamchenga uja.

Tipemphere. Inu Mulungu Atate, amene munapatula madzi ndi mtunda, tipatseni nzeru zowerenga ntchito za manja anu ndi mtima woganizira abale athu okhala kunsi. Landirani mu ufumu wanu onse amene anatengedwa ndi madzi, ndipo mutonthoze mabanja ao. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Kristu Ambuye athu. Amen.