Kanema wa Ziwawa za Ana a Sukulu, ndi Cimene Mphunzitsi Angaphunzirepo

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Kafue Estates



Ana a muno mu Kafue Estates, mudzi umene unamangidwira anchito a m'mafakitale a feteleza ndi nsaru, aona kanema kawiri-kawiri, ena pa wailesi ya kanema, ena pa lamya za akulu ao; ndipo ana a kumidzi nao satsalira. Zambiri zimene aona ndi za nkhondo, m'mene munthu wakupha anzace ambiri ndiye ayesedwa ngwazi. Koma alipo opanga kanema ena, oima paokha, amene agwira nchito ndi ndalama zocepa ndi kusimba nkhani monga aifunira eni ace. Iwowa akafika pa nkhani ya mwana wakupha anzace, salimbikira kuonetsa mwazi ai. Afunsa funso lowawa: kodi akulu anali kuti?

Pa 20 April 1999, pa sukulu ya Columbine ku Colorado, m'dziko la America, anyamata awiri analowa ndi mfuti, napha tsiku lomwelo ana anzao 12 ndi mphunzitsi mmodzi, nadzipha iwo eni. M'caka ca 2003 Gus Van Sant anaturutsa kanema wochedwa Elephant, ndiko kunena Njobvu, amene anasimba za tsiku lotere, nalandira mphotho yaikuru ya ku Cannes. Ambiri a osewera ace anali ana a sukulu enieni. Nthawi yaitali woonera angotsata anawo pambuyo, alikuyenda m'makonde, ndipo palibe cacilendo cioneka. Mnyamata wina afika mocedwa cifukwa atate wace aledzera, ndipo mkuru wa sukulu amlanga osadziwa za kwao. Mtsikana wina anyozedwa ndi anzace. Mnyamata winanso aponyeredwa mapepala onyowa m'kalasi phunziro liri m'kati, nakadzipukuta yekha. Ameneyo ndiye abwera ndi mfuti. Kanemayo sanena kuti cifukwa cace ndi ici kapena ico. Dzina lace likumbutsa nthano ya akhungu aja amene anakhudza njobvu, yense ciwalo cace, ndipo panalibe anaidziwa yonse. Momwemonso pa sukulu: wina adziwa za kucedwa, wina za misozi, wina za kunyumba, koma sakhalira pansi pamodzi kuti amdziwe mwanayo.

Kanema wina, wochedwa Mass, wa Fran Kranz, anaturuka m'caka ca 2021. M'menemo mfuti simveka konse. Makolo anai akomana m'cipinda ca pa chalichi, zaka 6 zitapita: awiri ndiwo a mwana wophedwa, awiri a mwana wakupha. Oferedwawo afuna kudziwa ngati anzaowo sanaone zizindikiro. Ndipo awa abvomera kuti zina anaziona, koma sanazindikire kukula kwace. Woonera aturuka atadziwa kuti wakuphayo analinso mwana wa munthu, wobadwa ndi kuleredwa monga ena.

Wina angati, Izi nza kutsidya la nyanja; kuno ana saomberana m'sukulu. Nzoona kuti mfuti siiri bvuto la masukulu a kuno. Koma kuzunzana kulipo: akulu kulanda ang'ono cakudya, ndeu za pa njira poweruka, ndi magulu a anyamata a m'makomboni a ku Lusaka amene anthu awacha majanki. Ndipo funso lija linafunsidwanso m'dziko lino ndi mwana wa dziko lino. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anaturutsa I Am Not a Witch m'caka ca 2017, ndipo mu 2018 analandira mphotho ya BAFTA ku London. Kanemayo, amene mwa zinenero zace muli Cinyanja, asimba za kamtsikana, Shula, kamene kanenedwa ufiti popanda mboni yeniyeni, nikamangidwa ndi nsaru yaitali yoyera kumsana kuti kasathawe. Apa wocita ciwawa si mwana. Ndi mudzi wonse, pamodzi ndi wa boma amene apezerapo ndalama. Shula alankhula pang'ono ndithu, ndipo kukhala cete kwaceko akulu akuyesa kubvomera. Ku Colorado mwana wosamvedwa anaononga anzace. Kwa Nyoni mwana wosamvedwa aonongeka yekha.

Tsono mphunzitsi acitenji? Lamulo la Maphunziro la Zambia la caka ca 2011 liletsa kukwapula mwana pa sukulu, ndipo ena adandaula kuti analandidwa mphamvu. Koma m'makanema awa mulibe mwana amene cikoti cikadampulumutsa. Cimene cinasoweka ndi munthu wakumuona. Poitana maina m'mawa, mphunzitsi azindikire amene wayamba kujomba. Pa nthawi yopumula, aturuke pabwalo, aone amene adya yekha ndi amene anzace amthawa. Mwana akacedwa, ayambe wamfunsa asanamlange. Cimene waona aciuze mphunzitsi mnzace ndi mkuru wa sukulu, ndipo pakafunika ayende kufikira kwa makolo, angakhale njira iri yaitali.

Makanema awa si oonetsa ana a pulaimale, ngoyenera akulu. Koma ana akasimba za kanema wa nkhondo amene anaona dzulo, mphunzitsi asawadule mau. Awafunse: wophedwa uja anali ndi amai wace kodi? Nanga anamuika ndani? Mafunso otere ndiwo amene kanema wamalonda awabisa.

Makolo akale anati, M'mera mpoyamba. Mwana wa Giredi 3 amene lero alira kuseri kwa kalasi sadzakhala wamng'ono masiku onse. Ndipo mphunzitsi amene amfunsa lero cimene cimsautsa wacita nchito yoposa kulemba pa bolodi.